Zotsika Mtengo Zimafuna Miyendo

Malangizo a kadyedwe amene munthu wodwala matenda a shuga amapatsidwa kuno kwathu ndi abwino ndithu, ndipo kunena chilungamo, ambiri mwa iwo salira chuma. Amati tizidya ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, nsomba zing'onozing'ono ndi nsima ya mgaiwa. Amati tichepetse shuga, mchere ndi mafuta, ndiponso tiziyenda ndawala kwa mphindi 30 pafupifupi tsiku lililonse. Munthu amene anakulira kumudzi akamva zimenezi amaseka chamumtima, pakuti zakudya akuzitamazi ndi zomwe zija tinkazithawa pamene tinkakwera basi yobwera m'tauni. Vuto ndi lakuti malangizowa amanenedwa ngati kuti wodwala aliyense ali ndi miyendo iwiri yamphamvu, manja awiri opanda chogwira, ndi tsiku lathunthu loti azizungulira mumsika. Ine pa zonsezi ndili ndi mwendo umodzi wokha.

Mwendo wanga wamanzere unafota ndi poliyo m'chaka cha 1983, ndili ndi zaka zitatu. A msinkhu wanga amene tinagwidwa ndi matendawa tilipo ambiri. Dziko lino linaona wodwala poliyo womaliza mu 1992, ndipo panapita zaka 30 kufikira pamene boma linalengeza mu February 2022 kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka nawo. Ine ndimavala chitsulo chogwiriziza mwendowo ndipo ndimayenda ndi ndodo ziwiri. Ndinaphunzira nazo sukulu, ndinakwatira nazo, ndipo ndagwira nazo ntchito m'boma zaka zoposa 20. Ndodo sizinandichititsepo mantha.

Mantha anabwera mu 2019. Ndinayamba kumva ludzu losatha, kudzuka kanayi usiku kukataya madzi, ndi kutopa ngakhale nditangokhala pampando. Munthu akagona osadya kanthu, m'mawa shuga wake n'kupezeka pa 126 kapena kuposerapo, ndipo akayezedwanso tsiku lina n'kukhala chimodzimodzi, ndiye kuti matenda alipo. Wanga anali pa 240. Anamwino amene anandiphunzitsa za matendawa anayang'ana ndodo zanga, n'kuyang'ana nsapato yanga yakumanja, kenaka anati, "Bambo, anzanu ndimawauza kuti asamale mapazi. Inu ndikuti musamale phazi." Anafotokoza kuti shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga minyewa ndi timitsempha ta magazi ta kumapazi. Phazi limachita dzanzi, munthu amaponda minga kapena kutupa ndi nsapato osamva, bala limakana kupola, ndipo mapeto ake ena amadulidwa mwendo. Kwa mnzanga wa miyendo iwiri zimenezo ndi tsoka lalikulu. Kwa ine ndi kutha kwa kuyenda, kutha kwa kukwera minibasi, mwinanso kutha kwa ntchito. Choncho ndikamakamba za chakudya, owerenga adziwe kuti ndikukamba za mwendo wakumanja umenewu.

Anthu ambiri amaganiza kuti mdani wa wodwala shuga ndi shuga wa m'kapu ya tiyi basi. Chikhala choncho, bwenzi zinthu zili zophweka, ndiponso bwenzi tikupulumutsa ndalama. Koma nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi chinangwa, zonsezi zikafika m'mimba zimagayika n'kusanduka shuga amene amalowa m'magazi. Thupi la munthu wabwinobwino limatulutsa insulini kuchokera m'kapamba, ndipo insuliniyo imatsegulira shuga njira yolowera m'minofu kuti akhale mphamvu. Mwa ife insulini imachepa kapena thupi limaleka kuimvera, motero shuga amangoyandama m'magazi n'kumawononga. Tsono taganizani za Mmalawi amene akuuzidwa kuti chakudya chomwe chimakweza shuga wake kwambiri ndi nsima. Kwathu kuno munthu akadya mpunga ndi nkhuku amanenabe kuti wagona ndi njala. Ndiwo timazitenga ngati zoperekeza nsima kukhosi, ndipo mwana wotapa ndiwo zambiri amadzudzulidwa. Wodwala shuga ayenera kutembenuza mwambo umenewu: theka la mbale likhale masamba, gawo lina nyemba kapena nsomba, ndipo nsima ikhale mtanda umodzi wosaposa chibakera chake. Nsima ndiyo iperekeze ndiwo.

Apa ndiye pamabuka nkhani ya ndalama, chifukwa nsima inali yochuluka pambale pa chifukwa chomveka: ndiyo imakhutitsa pa mtengo wotsika. Ukachepetsa nsima, dzenje lotsalalo uyenera kulikwirira ndi ndiwo, ndipo ndiwo zimagulidwa tsiku ndi tsiku. Malipiro a munthu wa m'boma wa udindo ngati wanga amadziwika kathedwe kake. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mafuta ophikira, mazira ndi nsomba zinakwera n'kutisiya pansi. Mu 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kumwera, mu 2024 kunagwa ng'amba, chimanga n'kukweranso. Malipiro akalowa, lendi imatenga yake, fizi ya ana imatenga yake, magetsi, madzi ndi makala zimatenga yake. Pamenepo anzanga a mu ofesi amayamba kudula ndalama yoyendera: amatsika minibasi patali kapena kuyenda wapansi ulendo wobwerera. Ine sindingadule pamenepo. Kuchokera pakhomo kufika pamsewu ndimakwera kabaza, m'mawa ndi madzulo, mvula kaya dzuwa. Masiku ena kuchipatala mankhwala amakhala atatha, ndipo ndimayenera kukagula kufamase. Timapepala toyezera shuga pa kamakina kanga nato ndi todula. Chimene chimatsala kuti chitanuke ngati mphira ndi chakudya.

Ndipo chakudya chabwino chotsika mtengo chilipodi, sindikutsutsa. Koma chili kuti? Chili mumsika waukulu, m'mawa kwambiri pamene magalimoto ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akutsitsa katundu, pamene mulu wa mpiru umakhala waukulu ndipo tomato amagulitsidwa pa beseni. Chili m'kati mwenimweni mwa msika, kupyola ngalande, kupyola matope ndi makoko a nthochi, m'tinjira topapatiza momwe anyamata a mawilibala amathamanga akukuwa kuti muwapatse njira. Kuti upeze nyemba zotsika mtengo uyenera kufunsa pa mabenchi asanu, kubwerera pa loyamba, kunenerera, kuchoka ngati wakwiya kuti akuitanenso. Zonsezi ndi ntchito ya miyendo. Komanso pali chinthu chimene anthu oyenda bwino saganizira: munthu wa ndodo ziwiri alibe manja. Manja anga ndiwo miyendo yanga. Chilichonse chimene ndagula chiyenera kukwana m'kachikwama ka kumsana, apo ayi ndilipire mnyamata wonyamula, ndipo ndalama imene ndinapulumutsa ponenerera ija imathera mwa iyeyo ndi mwa wakabaza.

Zakudya zoipa ndiye zili ndi miyendo yawoyawo. Mandasi amakwera okha masitepe a ofesi m'ndowa ya pulasitiki nthawi ya 9 koloko. Zitumbuwa zimafika pawindo. Chipisi cha pachiwaya ungotuma mesenjala, mphindi khumi chafika chitakutidwa m'jumbo, mafuta ali chuchuchu. Pagolosale ya pafupi ndi nyumba yanga, pamene ndimatha kufika popanda kukwera chilichonse, pamapezeka buledi woyera, masikono, mabisiketi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, zomwe botolo limodzi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Bonongwe sapezekapo. Sindinaonepo munthu akuyenda m'maofesi kugulitsa nkhwani zophikaphika. Anthu okhawo amene amapatsa masamba miyendo ndi amayi aja oyenda m'makwalala a m'malokeshoni ndi dengu pamutu, akuitanira malonda m'mamawa. Mulu wawo ndi wocheperako poyerekeza ndi wa kumsika, ndipo ndi pomveka, pakuti akugulitsanso mapazi awo. Mayi mmodzi wotere anazolowera kugogoda pakhomo pathu Lachiwiri ndi Lachisanu. Mwezi ukatalika amatisiyira pangongole, akuti, "Achimwene, mudzandipatsa boma likakukumbukirani." Sindidziwa ngati pali dokotala amene wathandiza shuga wanga kuposa mayi ameneyu.

Nyemba zili ndi nkhani yakeyake. Palibe ndiwo yoyenera wodwala shuga wosauka kuposa nyemba: zimakhutitsa, zimamanga thupi, zimakweza shuga pang'onopang'ono, ndipo sizifuna firiji. Koma amene amati nyemba ndi zotsika mtengo amawerenga mtengo wa pa benchi, n'kuiwala wa pa mbaula. Nyemba zouma zimatha maola atatu zili pamoto, ndipo m'tauni moto ndi ndalama. Nthawi zina makala ophikira nyemba amaposa mtengo wa nyembazo. Akazi anga amachoka m'mawa kupita ku geni yawo ya zovala, ana amapita kusukulu, ndipo Loweruka amene amatsala ndi mphika ndine. Kugwada pambaula ndi chitsulo kumwendo, kudzuka, kugwadanso, kunyamula mphika wowira wopanda dzanja lopuma, si masewera. Ndiponso phazi limene ndauzidwa kuti ndilisamale limakhala pafupi ndi makala amoto.

Tinapeza njira zathu. Mmisiri wina anatiwotcherera kathebulo kachitsulo kofika m'chiuno, ndipo mbaula imakhala pamenepo, ine n'kumaphika nditakhala pampando. Nyemba timaziviika usiku wonse. M'mawa zikawira kwa theka la ola, timaphula mphikawo uli chivundikirire n'kuuika m'dengu loyalamo mabulangete akale, pamwamba n'kuphimbanso. Pofika masana zimakhala zitafewa ndi kutentha kwake komwe, kumangotsala kuzibwezera pamoto pang'ono ndi kuthira tomato ndi anyezi. Timaphika zambiri nthawi imodzi kuti moto umodzi utumikire masiku awiri. Khobwe sachedwa kupsa ngati nyemba, choncho amalowa m'malo mwake makala akachepa. Nandolo nayenso timamudya, ngakhale kuti ana a ku Lilongwe amamuyang'ana ngati mlendo wochokera ku Mulanje. Mafuta ophikira atakwera tinabwerera ku nsinjiro, ndipo apa umphawi ndi thanzi zinagwirizana: nkhwani zotendera zimakhutitsa kuposa zokazinga, ndipo mafuta a mu mtedza ndi abwino ku mtima kuposa a pachiwaya amene awira kambirimbiri. Usipa ndi bonya timayamba taziviika m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke, chifukwa shuga amakonda kuyenda ndi mnzake, kuthamanga kwa magazi, ndipo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amati mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, komwe ndi kasupuni kamodzi kakang'ono.

Nkhondo yaikulu inali ya mgaiwa. M'nyumba ya malipiro amodzi ndi geni imodzi simungaphikidwe miphika iwiri ya nsima, wina wa bambo wodwala, wina wa anthu abwinobwino. Zimene ndikudya ine ndi zimene adye onse. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali Fomu 2, anayang'ana nsima yoderayo n'kufunsa kuti, "Adadi, kodi talakwa chiyani? Nsima iyi ndi ya kundende." Sindinamudzudzule, chifukwa ananena zimene dziko lonse limaganiza. Mgaiwa timaudziwa ngati nsima ya akaidi, ya ana a sukulu zogonera komweko, ndi ya chaka cha njala. Ufa woyera ndiwo ulemu wa mayi wapakhomo. Mlendo ukamuphikira mgaiwa amakasimba kwawo. Komatu kuti ufa uyere, chimanga chimakonoledwa, madeya n'kupita kwa nkhuku ndi nkhumba, mphale n'kuviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kuyanikidwa, kenaka kugayitsidwa. Pa njira yonseyi chimataya gaga amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, chimataya kamtima kamene kali ndi mafuta ndi mavitamini, ndiponso thumba limapepuka. Nkhumba zimadya zabwino, eni ake n'kudya zotsala. Mgaiwa umafuna ulendo umodzi wokha wa kuchigayo m'malo mwa iwiri, ndipo thumba lomwelo la makilogalamu 50 limatifikitsa patali. Mfundo yomalizayi ndi imene inagonjetsa akazi anga. Ana anagonja ndi njala.

Ndinene pano kuti mgaiwa si mankhwala. Ndakumana ndi odwala anzanga pamzere wa kuchipatala amene amadya mitanda inayi ya mgaiwa ndi mtima woyera, poganiza kuti poti ndi mgaiwa palibe vuto, kenaka n'kumadabwa kuti shuga sakutsika. Mgaiwa ndi chimanga ndithu. Kamakina kanga kanandionetsa kuti mitanda iwiri ya mgaiwa imakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa ufa woyera. Chimodzimodzi thobwa, uchi ndi madzi a zipatso, zomwe ena amati ndi zachilengedwe choncho sizipweteka. Magazi safunsa kumene shuga wachokera. M'mwezi wa December, mango akamagwa okha mumtengo wa anansi athu ndipo ana akubwera nawo m'mabeseni, ndimadya limodzi nditatha kudya chakudya, n'kukumbuka zija akulu ananena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Magwafa ndi mapeyala ndiwo sindiwaopa kwenikweni.

Chaka chili ndi nyengo ziwiri kwa munthu wodya ngati ine, ndipo zimasemphana ndi za anthu ena. Miyezi ya January ndi February, imene dziko limalira njala, kwa ine ndi ya mwanaalirenji: chisoso, luni, bonongwe ndi denje zimamera zokha ngakhale kuseri kwa bafa, nkhwani ndi khwanya zili mbwee. Miyezi yovuta ndi September mpaka November, pamene chimanga chilipo koma masamba a kudimba akwera mtengo. Pamenepo amatipulumutsa ndi amayi anga kumudzi, amene sanasiye kufutsa. Nthawi ya dzinja amawiritsa pang'ono khwanya ndi nkhwani, kuyanika, n'kumanga zikhwatu. Zikhwatuzo zimabwera pa minibasi, zopepuka moti ngakhale ine ndimatha kuziponya kumsana. Mfutso wotendera umakoma kuposa mmene anthu a m'tauni amavomerezera pagulu.

Sabata yoopsa kwambiri ndi yomaliza ya mwezi, ndipo kuopsa kwake si kumene anthu amaganiza. Munthu wabwinobwino ndalama zikatha amadumpha nkhomaliro, n'kumangitsa lamba. Ine ndimamwa mitundu iwiri ya mapiritsi, metformin ndi glibenclamide. Wachiwiriyu amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya wadya kaya sunadye. Ukamwa n'kusadya, shuga amatsika kupyola 70, thukuta limatuluka, manja amanjenjemera, maso amachita chidima, ndipo ukhoza kukomoka. Tsono manja akanjenjemera, ine ndiye kuti miyendo yanjenjemera. Pa chifukwa chimenechi m'thumba la jekete yanga simusowa zinthu ziwiri: mtedza wokazinga wodya pakati pa zakudya, ndi kapepala ka shuga wokwana timasupuni titatu woti ndisungunule m'madzi zinthu zikavuta. Shuga atasowa m'masitolo mu 2024, anthu n'kumaima pamizere, anzanga a mu ofesi ankandiseka kuti ine ndekha ndiye ndinali pamtendere. Sankadziwa kuti m'nyumba mwathu paketi yomaliza inabisidwa pamwamba pa kabati chifukwa cha ine, ana akumwa tiyi wopanda shuga.

Za pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ya kuntchito sindichulukitsa. Aliyense amadziwa kuti pamsonkhano wa boma nthawi ya 10 koloko pamabwera samusa ndi botolo, ndipo ukapempha madzi okha amakuyesa wodzikonda. Kwa apongozi nkovutirapo, pakuti kusiya mtanda m'mbale ndi mwano. Akazi anga ndiwo amanditsogolera: "Amayi, bambo a kunyumbawa adokotala anawaletsa, muwaonjezere ndiwo m'malo mwake." Apongozi amapukusa mutu, n'kundithirira therere lina, akudandaula kuti mkamwini wawo akutha.

Amene ndimakwiya nawo ndi ogulitsa mankhwala a zitsamba m'mabasi ndi pa mawailesi, olonjeza kuti botolo limodzi lichotsa shuga m'thupi mpaka kalekale. Mtengo wa botolo limenelo ungagule nyemba za mwezi wathunthu, ndipo amene amagula ndi osauka omwe atopa ndi kuyeza mitanda. Ena amafika posiya mapiritsi. M'masitolo akuluakulu namonso muli mashelefu a zakudya zolembedwa kuti ndi za odwala shuga, mabisiketi ndi jamu zochokera kunja, pa mitengo yoti munthu wa malipiro anga angoyang'ana. Sindinagulepo, ndipo sindikuona chimene ndinataya.

Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi matenda a shuga. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina. Magulu awiriwa amakumana penapake, ndipo pamene akumanapo pali anthu ambiri: amene analumala kale ngati ine, ndi amene shuga yemweyo wawachititsa khungu, wawadula mwendo kapena wawagwetsa ndi sitiroko. Tili ndi malamulo oteteza anthu a ulumali, lakale la 2012 ndi latsopano la 2024, ndipo amakamba zomveka za kufika mosavuta m'malo a anthu onse. Ine ndikanakonda tsiku lina mawu amenewo atafika pa benchi ya tomato. Ndikanakondanso kuti anamwino akamaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya azifunsako kuti kunyumba amapita kumsika ndani, amaphika ndani, ndipo pamoto wanji. Za kuyenda ndawala zija, wina wa zolimbitsa mafupa anandipatsa m'malo mwake lamba wa mphira wokoka ndi manja nditakhala pansi, ndipo ndimakoka madzulo aliwonse ndikumvera nkhani pa wailesi.

Chaka chatha tinayamba kulima m'matumba. Nyumba ndi ya lendi ndipo bwalo lake ndi laling'ono, koma m'mbali mwa mpanda munakwana matumba asanu ndi atatu akale a feteleza, odzaza dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku. Mwana wanga wamwamuna anawasanjika pa njerwa kuti afike m'chiuno, ndisamawerame. Timathirira ndi madzi otsukira mbale ndi ndiwo, opanda sopo wambiri. Mpiru unachita bwino, tomato anagwidwa ndi matenda n'kufota, ndipo bonongwe anamera yekha m'matumba atatu mmene sitinamubzale. Kuchokera pakhomo la khitchini kufika pa thumba loyamba ndi mapazi asanu ndi awiri, ndipo masambawo ndimabwera nawo m'jumbo yokoleka pa chogwirira cha ndodo.